Sefa Yanu Ikadali M'makina, Achimwene

Lero zakwana zaka zisanu ndi ziwiri chitisiyireni, achimwene. Koma ine mng'ono wanu ndimawerenga zisanu ndi zinayi, kuyambira chaka chimene kapitawo wa pafamu anakunamizirani kwa bwana kuti mwawononga makina okololera tirigu, inu n'kuchotsedwa ntchito yaumakaniko imene munaigwira zaka makumi awiri. Matenda anangomaliza zimene anayamba iyeyo.

Mlandu wanu unali sefa yopetera tirigu m'makinamo. Sefa ya pamwamba, yobwera ndi makinawo, inali itapindika mano, tirigu n'kumatuluka ndi mankhusu ngati wochita kusesa pansi. Inu munakapeza ina kusitolo ya zitsulo, yosachokera kukampani yopanga makinawo, ya mano aatali. Munaimanga nokha, mipata yake n'kuiyeza ndi pensulo yakalipentala imene sinkachoka pakhutu panu. Pensulo ikalowa mosakakamiza, basi zatheka. Sabata imeneyo tirigu anayera, ogula anasiya kudandaula.

Tsiku limene munaperekeza alamu kuchipatala, kapitawo anafinya manowo, ati mipata ikachepa tirigu ayera koposa. Sefa inatsamwa, mphepo inasowa podutsa, tirigu n'kumatayikira kumbuyo pamodzi ndi mankhusu munda wonse. Bwana atafunsa, iye anati vuto ndi chitsulo chawamba chimene makaniko anaika mwa nzeru zake. Dalaivala wa makinawo anaona zonse ali pompo. Anatseka pakamwa, n'kusunga ntchito yake.

Timakukumbukani mukutsatira makina kumbuyo, fumbi lili mbuu m'nsidze, mukutola mankhusu, kuwauzira padzanja n'kuwerenga njere zotsala. Anzanu anakutchani a Lichero, inu n'kumaseka mpaka kutsokomola, mukuti lichero lanu ndi lokhalo lomwa dizilo. Munkatiuza kuti sefa ili ngati munthu, ukaifinya kwambiri imataya ndi zabwino zomwe. Ine ndinkayesa nthabwala.

Alamu amayendabe ndi pensulo ija m'chikwama, salola mdzukulu aliyense kuisongola. Mwana wanu wamkazi anamuitana kuti akalembedwe ntchito kuofesi ya pafamupo, anakana. Achemwali athu akalira amandiuza kuti ndikhululuke, madzi akatayika sawoleka. Ndikhululukire ndani, poti palibe amene anabwera kudzapepesa? Kapitawo anafika pamaliro ndi nkhata ya maluwa, n'kuuza anthu kuti munali mmisiri wosowa. Anthu atabalalika, nkhatayo ndinaichotsa pamanda panu. Alamu akudziwira pano powerenga mawu anowa.

Mwezi watha ndinadutsa kugalaja ya pafamupo, makina atawatsegula kumbuyo. Ndinasuzumira. Sefa yanu ikadali momwemo, mipata yake ataibwezera pa pensulo imodzi ndendende, monga munkaikira inu. Kapitawo uja ndi manijala tsopano, ndipo amamutama chifukwa cha tirigu woyera.

Ife sitidzakuiwalani, achimwene. Kalata yokuchotsani ntchito ili m'sutikesi ya alamu, ndipo ikunenabe kuti munawononga makina.