Mtedza wachuku ukupita kwa ana asukulu

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu. Ndimagwira ntchito yosankha mtedza mushedi ya alamu anga, amuna awo a achemwali anga. Ndiwo ananditola ukwati wanga utatha, n'kundipatsa chipinda ndi ntchito yomwe.

Mtedza ukabwera wouma kwambiri, alamu amatiuza tiuwaze madzi kuti usasweke m'makina osendera. Kenaka matumba amasanjidwa pasimenti, ndipo pakatha sabata amayamba kununkha ngati bulangete lonyowa. Wabwino umapita kwa wogula wamkulu amene amayamba wauyeza. Wakuda, wonyala ndi wachuku timaponya m'beseni. Kale amayife tinkagawana wam'beseniwo kukadya kunyumba, tikuthokozanso.

Mwezi wathawu tinaika m'manda mnzanga amene ndinakhala naye benchi limodzi mushedimo zaka zisanu ndi ziwiri. Zinayamba ndi chikasu m'maso, kenaka mimba inatupa. Ndine ndinkamudikirira kuchipatala. Adokotala anati chiwindi chatheratu, ndipo atamva za ntchito yathu anandifunsa kuti, "Mayi, wam'beseniwo umapita kuti?"

Zoona zake n'zakuti chaka chino alamu anagula makina a chiponde. Woipa uja amaukazinga, kuugaya, n'kuthira m'mabotolo, ndipo ena amapita kusukulu yamkaka yapafupi. Nditawadandaulira anaseka, amvekere moto umapha chilichonse. Achemwali anandikokera kuseri n'kundiuza kuti, "Mwakhuta eti? Shedi ikatsekedwa, ana anuwo muwadyetsa chiyani?"

Amene ndimamata mapepala pamabotolowo ndine. Ndikaona tiana tija tikudutsa ndi tizikwama kumsana, mtima umandiwawa. Anganso anadya mtedzawu zaka zonsezi. Ndiulule, ndipasule banja londisunga?

Ine wothedwa nzeru,
E.N.

Mayi E.N.,

Pepani ndi maliro a mnzanu. Sindinganene kuti chuku ndicho chinamupha, poti chiwindi chimaonongeka ndi zinthu zambiri. Koma pa nkhani ya moto alamu anu akudzinamiza. Chuku china chimasiya poizoni wotchedwa aflatokisini, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Akamalowa m'thupi pang'onopang'ono amaononga chiwindi, ana amapinimbira. Saoneka ndi maso, ndiye m'chiponde chogayagaya palibe kholo lingamuzindikire.

Za kale zija musadziimbe mlandu, simunkadziwa. Koma lero mukudziwa.

Yambani ndi kwanu. Wam'beseni asalowenso m'nyumba mwanu. Pitani ndi ana kuchipatala, mukafotokoze zonse osabisa, akakupimeni nonse. Anzanu apantchito muwauzenso atero.

Kenaka khalani pansi ndi alamu, achemwali ali pomwepo, ndipo pakhale munthu wina amene iwo amamumvera. Musapite ndi mkangano, mupite ndi njira: kuwaza madzi kuthe, matumba asanjidwe pamatabwa motalikira khoma, mpweya uzidutsa, mtedza woipa uziwotchedwa kapena kukwiriridwa. Apempheni atumize mabotolo angapo kokayezetsa, ndipo kusukulu kusapitenso kanthu mpaka zotsatira zitatuluka. Auzeni poyera kuti inu simumatanso mapepala.

Apatseni masiku atatu. Akakana, kauzeni aphunzitsi aakulu pasukulupo ndi a zaumoyo oyendera zakudya. Mukhoza kupempha kuti dzina lanu lisatchulidwe, ngakhale alamu adzaganizira inu ndithu. Sindikunamizani: ntchito mwina itha, chipindanso. Yambiranitu kufunsa kwina. Manja odziwa kusankha mtedza sasowa owafuna.

Achemwali anu ali ndi mantha, si oipa mtima. Akwiya, koma chibale ndi fupa, sichiwola.

Chenjezo langa ndi ili: mtedza woipawo musaupereke kwa nkhuku kapena ng'ombe poti ndi ziweto, poizoniyo akhoza kubwerera kudzera m'mazira kapena mumkaka. Ndiponso musadikire kuti mwana wina adwale kaye kuti mutsimikize. Poizoni ameneyu sagogoda pakhomo. Pomwe mudzamuone, adzakhala atakhazikika kale.

Aphungu