Chinkhwe chanu ndachimeta

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji, akukusungani bwino? Ife kuno kwa Kalembo tilipo. Nandolo wachita bwino chaka chino, koma chimanga cha kumunda wakumtunda chinapsa ndi dzuwa. Agnesi, mng'ono wanga, mwana wanu wapamtima uja, wabereka mwana wamkazi ku Liwonde ndipo amutcha dzina lanu. Ndinapita kukamuona. Mphuno ndi yanu, kulira kwakenso n'kolamula.

Nkhani yaikulu ndi ya chinkhwe chanu, chija achimwene anakubweretserani akuyendetsa mathiraki. Inu munapita, koma pakamwa panu munapasiya pakhonde. M'mawa ndikangotuluka ndi tsache, chimakuwa ndi mawu anu enieni, ndi kachifuwa kanu komwe: "Esinati, chumba iwe, madzi ali kuti?" Ana a sukulu anamva, ndiye ndikamapita kumjigo amandiitana choncho. Ndimaseka nawo, koma zimandiwawa, Amayi, monga zinkandiwawira muli moyo.

Nthenga zake zinameranso. Inu munkazidula zikangotalika, phiko limodzi ngati nkhuku, uku mukuti, "Chimene ndikudyetsa ine sichipita kwina." Ndi mawu omwewo amene munandiuza tsiku lija mutathamangitsa amuna anga pachikamwini, iwo akundidikira kumsewu ndi chikwama kuti tikayambe moyo ku Balaka. Ndinatsala. Ndinakusambitsani, ndinakutembenuzani pamphasa, ndinachapa zimene Agnesi sakanazigwira n'kamtengo komwe. Amuna anga aja anakwatira kwina, ana awo ali kusekondale.

Lamlungu lapitali chinkhwe chinauluka n'kukatera mumlambe wa kudambo, momwe mumasonkhana zinzake zakutchire. Chinaswera komweko, njala ndi imene inachibweza. Nditamuuza Agnesi pafoni anati, "Achemwali, chisiyeni chizipita, mupumeko. Mukusungiranji chinthu chokutukwanani?" Ndinaganiza ndithu, chifukwa anali kunena zoona. Kungosiya chitseko cha khola chosatseka, pakhomo pano pakanakhala bata.

Koma ndinakumbukira kuti tsiku lometa maliro anu tonse tinameta, ngakhale zidzukulu zoyamwa, chinkhwe chokha ndi chimene chinatsala. Ndiye kuti kwa icho maliro anali asanathe. Dzulo ndinachikulunga m'chitenje chanu cha kutchalitchi n'kuchimeta ndi sizasi yomwe ija munkachidulira nthenga. Ine sindinachite za phiko limodzi iyayi, ndinadula onse awiri. Nthenga ina inali yanthete, inatuluka magazi, ndipo chinalira ndi mawu anu. Ndinathirapo phulusa. Chisoni ndinachifunafuna mumtima, sindinachipeze.

Pano chikungoyenda pansi chotsimphina, mphaka wa aneba akuchiyang'ana ali pankhokwe. Musade nkhawa, mphakayo ndimamuthamangitsa, chifukwa ndili nacho ntchito. Ndayamba kuchiphunzitsa mawu amene inu simunawatchulepo mpaka tinakutsekani maso: "Pepa, Esinati." Ndimakhala nacho pakhonde ndi mbale ya mtedza, pomwe chikuuona bwinobwino. Chikati chumba, mtedzawo ndimatafuna ndekha. N'chouma mutu ngati mwini wake, koma ine kudikira munandiphunzitsa.

Ndimakukondani, Amayi, musakayike. Ndikulonjeza kuti ndichisamala monga munandisamalira ine, ndipo pakhomo pano sichichoka mpaka mutandipepesa.

Ndine mwana wanu woyamba,
Esinati