Volikano Yanga pa Kachilumba ka ku Biwi

Okondedwa Malume Zaki,

Salaam aleikum. Muli bwanji ku Joniko? Kuno tili bwino, chifuwa cha mayi chija chinatha, ndipo jekete munatumiza ija anzanga akuisirira koopsa.

Malume, ndawina kusukulu! Aphunzitsi a Jogirafe anati tiumbe phiri lophulika, volikano. Ine ndi Collins, mwana wa aneba athu a Gondwe, tinaliumba ndi dothi pa kachilumba kaja ka pakati pa ngalande ziwiri, kamene inu ndi a Gondwe mwakhala mukulimbirana. Tinathiramo soda, viniga ndi kala yofiira ya mafirizesi. Thovu linangoti fwaa! Aphunzitsi mpaka kuwomba m'manja.

Koma pali kanthu kena. Tisanayambe kuumba, ndinapeza a Gondwe ali pakhonde ndi azibambo a kutchalitchi kwawo. Ndinagwada n'kunena kuti, "Abambo, mungatilole tiumbe pajapa?"

Iwo anaseka. "Mwamva nonse eti? Mwana wa kwa Zaki akupempha malo kwa ine. Umba mwana wanga, usaope, ndakulola."

Ine ndimangopereka ulemu basi, malume, monga munatiphunzitsira. Sindinadziwe kuti ukapempha pamaso pa mboni ndiye kuti wavomera mwini wake. Popita kusukulu ndikumazungulira njira ya kumsika kuti azibambo aja asandione.

Za kagolosale munkafuna kumanga paja, malata musafulumire kugula kaye. Dzulo patsitsidwa njerwa pambali pa phiri langa. Si zathu.

Phirilo a Gondwe sanaligwetse. Akuti likukongoletsa malo awo.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Raisa