Anthu Atatu Opanda Pakamwa

Lolemba, 10 Malichi

Masabata asanu chimwalirire bambo ake, mwana wanga sanalankhulebe. Kudya n'kongotolatola ngati mbalame. Adokotala akuti akapitiriza kuwonda amugoneka m'chipatala. Atitumiza kwa mayi wina, mlangizi wothandiza anthu kudzera m'zojambula. Ine ndimayembekezera mapiritsi, iwo akutipatsa makrayoni! Ndatopa, ndipo ndili ndi mantha.

Lachitatu, 12 Malichi

Kachipinda konunkha penti, matebulo othimbirira. Mlangizi sanamufunse kanthu mwanayo, anangomuyikira pepala patsogolo. Kwa ine: "Mayi, kunyumba musamufunse, musamuyamikire, musamukonzere. Muzingokhala naye." Zaka khumi ndi zisanu ndikuphunzitsa sitandade 2, lero ndiuzidwe za ana?

Lachisanu, 14 Malichi

Wajambula! Anthu atatu patebulo lathu lodyera. Onse opanda pakamwa.

Loweruka, 15 Malichi

Ndalakwitsa zinthu. Ndimachonga makope a ana asukulu, chithunzi chija chili pambali, cholembera chofiira m'manja. Dzanja linangopita lokha. Ndawaika pakamwa onse atatu, akumwetulira mpaka m'makutu.

Mwanayo atachiona anachipinda bwinobwino n'kukachiponya m'bini. Makrayoni wabwezera m'bokosi. Tsiku lonse sanalawe kanthu.

Mphunzitsi wanji ine?

Lolemba, 17 Malichi

Sikelo yatsikanso. Akuti zikapanda kusintha, Lachisanu agonekedwa. Ndaulula zonse kwa mlangizi, mamina ali chuchuchu. Sanandikalipire. Anangofunsa, "Inuyo munalirapo iye akuona?" Ayi. Ndimalirira kubafa, mpopi uli chitsegulire kuti asamve.

Wandipatsa pepala langalanga. Ndati sinditha kujambula. Akuti ndiye bwino.

Lachiwiri, 18 Malichi

Pepala likadali loyera. Mulungu wanga, mwamuna wapita, mwananso?

Lachitatu, 19 Malichi

Nditaweruka ndinakhala pansi pabalaza, n'kuyamba kujambula nsapato za bambo ake, zimene zikadali kuseri kwa chitseko chifukwa ndikulephera kuzichotsa. Zatuluka ngati mbatata ziwiri. Misozi inagwera papepala, ulendo uno sindinathawire kubafa.

Mwana wanga anabwera n'kuima kumbuyo kwanga nthawi yaitali. Kenaka anagwada, natola krayoni yakuda, n'kundikankha chigongono.

"Amayi, mwaiwala zingwe. Ankamanga kawiri."

Mawu osasa, otsika. Ndimaopa kuwathawitsa. Ndinangomusunthira pepalalo.