Kachubu koyeza mpweya kandigulitsa

Aphungu,

Ndine bambo wachikulire, ndinagwira ntchito mumgodi kuno ku Zvishavane mpaka maondo anakana. Vuto langa ndi a Sandifolo, oyandikana nawo nyumba ku Maglas. Chiyambireni kusowa kwa zinthu m'mashopu, adzaza nkhuku kuseri kwa nyumba yawo. Fungo lake limabaya m'maso, misozi chuchuchu ngati uli pamaliro. Mkazi wanga Alefa amati ndimakokomeza, koma iyeyo mphuno zake zinatha kalekale ndi fodya.

Nditadandaula, kunabwera mtsikana wa zaumoyo, Chiedza. Anamangirira timachubu pawaya wa mpanda, akuti timayamwa mpweya wotchedwa amoniya. Anati, "Sekuru, agogo anga, musakhudze timachubuti mpaka ndibwerenso." Koma pawayapo pamawomba mphepo, kachubu kangamve chiyani? Ndinamasula kamodzi n'kukapachika pawindo langa kuti kamve zomwe ndimamva ine.

Zotsatira zabwera, akuti mpweya woipitsitsa uli kwanga. Pansi pa windolo pali dramu lomwe ndimaviikamo zitosi zothirira ndiwo zamasamba za kovo ndi repu, poti fetereza kulibe. Zitosizo ankandipatsa a Sandifolo omwewo. Tsopano a zaumoyo akuti dramu lichoke, a Sandifolo nawo asiya kundipatsa zitosi. Akandiona amatsina mphuno n'kundipatsa moni wa m'mawa m'Chishona kuti, "Mamuka sei, abwana a mpweya?" Popanda manyowa dimba lifa, nanga tidya chiyani? Kodi a Sandifolo sanakanyengerere kachubuko?

G.M., Zvishavane

Bambo G.M.,

Kachubu sikalandira ziphuphu. Munakaitana nokha kuti kakhale mboni, ndipo kanena zomwe kanapeza pawindo panu.

Za fungo la nkhuku simukunama. Amoniya akachuluka amapweteka maso ndi chifuwa, makamaka chifuwa chonga chanu chomwe chinameza kale fumbi la mgodi. Nanga mumagoneranji dramu lili kumutu? Lisunthireni kumapeto kwa dimba, mulivundikire. Muuzeni Chiedza zomwe munachita, mumupemphe adzayezenso.

Mukatero, thyolani kovo wooneka bwino mupite naye kwa a Sandifolo. Apempheni azithira utuchi wouma m'khola, zitosi zizichoka pafupipafupi. Wozichotsa mukhale inu ndi wilibala yanu. Fungo lichepa, manyowa mupeza.

Musathire phulusa kapena laimu m'dramu, fungo limakulirakulira. Timachubu tikabweranso, manja akhale m'thumba. Ndipo mlanduwu musaukokerenso kutali, bambo. Mutha kupambana nkhuku zonse zichoke, koma mpweya wabwino si ndiwo, sadyera nsima.

Aphungu