Buku la Zoluka Likubwera ndi Aida

Komboni ya Mgodi,
Bindura,
Ogasiti 1951.

Okondedwa achemwali anga a Zelesi,

Ndikupatsani moni kuchokera kuno ku Bindura. Kodi muli bwanji inu ndi ana? Nanga mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ine ndilipo, kungoti thupi latopa. Tikutsikabe pansi m'mamawa, ndipo potuluka chifuwa chimakhala chodzaza fumbi. Kapitawo wathu watsopano ndi wa pakamwa, koma tazolowera.

Kalata yanu inandipeza mwezi wa Juni, sabata yomwe tinaika mwana. Anangokhala nafe masiku ochepa, kuzizira kunali koopsa. Anzathu a ku Dedza ndi a mpingo anatithandiza pa maliro. N'chifukwa chake ndachedwa kuyankha. Cholembera ndinkachigwira n'kuchiikanso pansi.

Za buku la zoluka munapempha lija sindinaiwale. Munati aphunzitsi a ku mishoni akufuna majuzi a maluwa, ndipo inu mumangodziwa kalukidwe kamodzi. Loweruka ndinamukakamiza mlamu wanu Aida kuti andiperekeze ku sitolo ya Mmwenye, poti chichitikire zija sanatulukepo m'komboni.

Mabuku analipo atatu, onse a Chizungu. Mwini sitolo atawona manja anga anati ndisawagwire, azitsegula yekha. Ine ndinakonda lina la zithunzi zowala, la madona atavala majuzi ofiira. Lachiwiri linali la zovala za makanda, tizipewa ndi timasokosi. Limenelo Aida analiyang'ana nthawi yaitali, mpaka Mmwenye uja anasiya kutsegula masamba. Ine ndinasowa poyang'ana.

Kenaka Aida analoza lachitatu, lachikuto chofumbira, lomwe ine sindinaliwerengere n'komwe. M'kati mwake munajambulidwa manja, singano zolukira ndi mmene ulusi ukuyendera, tsamba ndi tsamba. Ndinati n'losakongola. Iye anayankha kuti, "Alamu sawerenga Chizungu, koma manja awa awawerenga. Madonawo sangawaphunzitse kanthu." Achemwali, amenewo ndiwo mawu ambiri amene ndinamva pakamwa pake chiyambire Juni. Tinagula lomwelo.

Tsono pempho langa ndi ili. Bukuli sinditumiza pa positi, libwera ndi Aida mwini. A Kaitano a kwa Gomani akubwerera kumudzi mwezi wa mawa ndipo avomera kuyenda naye mpaka ku Ntcheu. Kuno Aida sakudya, waonda, amangokhala pakhomo kuyang'ana mulu wa miyala ya mgodi. Akazi oyandikana nafe ndi abwino mtima, koma amayankhula Chishona, ndipo chisoni chimafuna chiyankhulo cha kwanu. Ine ndikatuluka pansi ndimakhala ndilibe mawu omupatsa.

Mumulandire kwanu, osati kwa amayi. Mukhale naye pa mkeka, muzitsegula bukulo limodzi, manja ake apeze chogwira. Amayi muwauze mwa nzeru kuti asamufunse za mwana kapena kuyamba za mankhwala. Akafuna adzanena yekha. M'nyumba muno mudzandikulira akachoka, koma kuli bwino ndisungulumwe kusiyana n'kuti ndimuikenso kuno.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume ndi akazi awo, kwa mphwanga Jasper, ndi kwa ana anu onse. Muwauze kuti sindinatchone, ndidzabwera akandimasula.

Tsalani bwino. Ndikadzamva kuti wafika ndidzagona tulo.

Ndine mlongo wanu,
Gideoni