Dzanja la Shakila pa Chitunda cha ku Namwera

Loweruka, 3 Meyi

A Harold achotsa kaliyala panjinga. Ndawapeza kuseri kwa nyumba sipanala ili m'manja, kaliyala atamuponya pansi pa mango ngati chitsulo chotha ntchito. Ndafunsa, "Bambo a Stacey, nanga ine kutchalitchi muzindinyamulira pati?" Akuti amalemeretsa njinga pa zitunda. Koma abale! Chikwatiranire ndimakhala pamenepo, lero ndi pomwe aona kulemera.

Zonsezi ndi gulu lawo la njinga lija. Anthu a m'maofesi a pa boma pano, Loweruka lililonse m'mamawa uyoo, ati akufufuza njira zopanda magalimoto. Munthu wamkulumkulu, wa mimba yake, kuvala kakabudula kothina ngati ka mwana wa sitandade 2. Manyazi ndikumva ndine.

Lolemba, 5 Meyi

Dzina latsopano m'nyumba muno: Shakila. Mtsikana wa ku Namwera, amagulitsa zipangizo za njinga mumsika, ndiye amatsogolera gululo chifukwa njira zonse za m'midzi amazidziwa. Pa chakudya chamadzulo dzinali ndalimva mpaka khutu kuwawa. A Shakila akuti tayala lisamalimbe kwambiri pa mchenga. A Shakila akuti tizimwa madzi ludzu lisanatigwire. Ine ndakhala ndikuwauza zomwa madzi kuyambira kalekale, amangoti ndamva.

Ndawafunsa ngati a Shakilawo ali pabanja. Akuti sadziwa. Kudziwa za matayala a munthu koma osadziwa ngati ali pabanja, eti?

Lachitatu, 7 Meyi

Foni yawo ikangoti tii, iwo kumwetulira. Ine ndikayankhula, "Mmm."

Loweruka, 10 Meyi

Lero anapita ku Nkhudzi, osadzera pa tala ngakhale pang'ono. Abwera fumbi lokhalokha, kajumbo ka usipa kali lendelende pa handulo, pakamwa posatseka. Akuti anadzera m'tinjira ta pansi pa malambe, kwina kunyamula njinga pamapewa powoloka kamtsinje, kwina kudutsa pakati pa mathandala oyanikapo nsomba, ana akuwathamangira m'mbuyo. Akuti kumeneko kulibe hutala kapena minibasi yokukankhira m'tchire, umangomva tcheni ndi mbalame. Pa zitunda zonse akuti woyamba kufika pamwamba amakhala iwowo.

Andionetsa zithunzi. Pa china akuseka mano onse pamtunda, Shakila ali pambali pawo ndi mpango wake wobiriwira pansi pa chipewa cha njinga. Ndi wokongola, ndisaname. Kuseka koteroko m'nyumba muno ndinakuona liti? Chipitire Stacey ku sekondale yogonera konko, timangokhala ngati anthu odikira basi.

Anati, "Mayi a Stacey, mukanabwera nawo." Akudziwa bwinobwino kuti sinditha kupalasa. Kwathu ku Ntcheu bambo anga ankati mtsikana sakwera njinga, ndipo ndinakula choncho. Usipa wawo sindinaukhudze. Ndili ndi nsanje, inde, ndalemba.

Lachiwiri, 13 Meyi

Nthawi ya buleki kusukulu, Deborah, mphunzitsi mnzanga wa sitandade 6, wandikokera pakhonde. "Doris, sindifuna kukusokonezera banja, koma alamu anga anawaona amuna ako ndi mtsikana wa njinga uja mwezi watha pa chitunda chopita ku Namwera. Mtsikanayo dzanja lili pamsana pa amuna ako, kuyambira m'munsi mpaka pamwamba, osachotsa."

Ndaseka kuti asaone kanthu. Kulowa m'kalasi, masamu onse anabalalika m'mutu, ana mpaka kundikonza pa bolodi. Dzanja pamsana, masanasana, anthu akuona! Ine mkazi wawo wa ukwati woyera sindinawagwirepo ngakhale chala pamsewu.

Lachisanu, 16 Meyi

Mawa akukwera chitunda chomwecho. Ndapangana ndi a Amidu, a kabaza amene amandinyamula ndikachedwa kusukulu, kuti andiperekeze ndikadzionere ndekha. Njirayo akuti amaidziwa. Anandiyang'ana kumapazi n'kunena kuti, "Madamu, nsapato zimenezi ayi." Ndawayankha kuti ntchito yawo ndi kupalasa.

Loweruka, 17 Meyi

Mulungu wanga. Ndilembe zonse mwina mtima utsika.

Ndinanama kuti ndikupita ku msonkhano wa amayi. Ine ndi a Amidu tinanyamuka gulu lisanasonkhane, kuwoloka mlatho wa Shire, kenako kusiya tala kulowa kanjira ka m'minda. Kunena zoona njirayo ndi yokoma. Mapesi a chimanga mbali zonse, amayi osenza nkhuni kupatuka n'kupereka moni, galimoto olo imodzi. Zinandipsetsanso mtima kuti malo otere akhala akuwaona popanda ine.

Pofika pa chitunda a Amidu anaima. "Madamu, apa wokwera amatsika. Ndi mmene timayendera." Ndinaiwaliratu kuti kabaza sakwera nawe phiri. Ndiye ndinayenda wapansi, nsapato za kutchalitchi zikundidya zidendene, thukuta kamukamu, mpaka pakatikati pomwe pali chimwala chachikulu. Tinabisala kuseri kwake. Kumbuyo kwathu nyanja inkaoneka yonse, koma ine maso anali kunjira.

Anayamba kudutsa mmodzimmodzi. Shakila patsogolo, kukwera ngati pansi ndi pathyathyathya. Ena onse anadutsa, a Harold osaoneka. Patapita nthawi ndinawaona m'munsi, okhaokha, njinga ikupita uku ndi uku, kukamwa yasa, nkhope itachita kutuwa. Ndisanaganize chochita, Shakila anatsetsereka kuchokera pamwamba, kutembenuka, kufika pambali pawo, dzanja pamsana phaa, n'kuyamba kupalasa akuwakankha. Ndinamumva akuti, "Pumani bwino achimwene, tatsala pang'ono."

Munthu wanzeru akanaona zomwe zinkachitika n'kubwerera kwawo mwakachetechete. Ine ndinangoona dzanja. Ndinatulukira kuseri kwa mwala ndikukuwa, "Iwe! Chotsa dzanja lakolo pa amuna anga!"

A Harold anadzidzimuka, phazi kuphonya pedulo, khuu m'maudzu, njinga pamwamba pawo. Shakila anatsika msanga n'kuwachotsera njingayo. Anandiyankha mwaulemu, mpaka kundinyansa: "Pepani mayi. Pagulu pathu wotsalira sitimusiya, timamukankha. Ndikachotsa dzanja abwerera chambuyo."

Apa n'kuti anzawo onse atatsika kudzaona. Wina anati, "Abwana, akulondolani a kunyumba!" Kuseka. Ndipo ine, pakamwa pangapa, m'malo mokhala chete ndinati, "Nanga si paja mumati woyamba kufika pamwamba mumakhala inu?"

Kuseka kuja kunatha. Wina anayang'ana kumbali, wina kumakonza chipewa. A Harold anadzuka, kusasa udzu pa bondo lomwe linali litasupuka, osandiyang'ana. Anangouza anzawo kuti, "Pitirirani, ine ndibwerera."

Pobwerera ine pa kabaza, iwo m'mbuyo patali.

Lamulungu, 18 Meyi

Kutchalitchi wapansi, iwo kutsogolo, ine m'mbuyo ndi matuza anga. Bondo lawo akana kuti ndilitsuke.

Lachinayi, 22 Meyi

A Harold atuluka m'gulu la pa foni la anzawo a njinga aja. Njinga aikoleka m'chipinda chosungira makala, matayala aphwa. Akaweruka kuntchito amakhala pampando, wailesi pamwendo. Dzina la Shakila silikumvekanso. Ndi zomwe ndinkafuna, si choncho?

Madzulo ndinayesa kupepesa. Anandidula mofatsa. "Mayi a Stacey, kunama ndinanama, sindikukana. Ndinkafuna muzindiona ngati munthu amene pali chomwe amatha. Kuofesi ndine wokalamba, panjinga ndine wotsalira. Ndimati kunyumba kokha ndikhaleko woyamba."

Ndinapita kukhitchini kukatsuka mbale zotsukatsuka kale. Bola akanandikalipira. Mwamuna amene ankabwera akuseka ndi fumbi lake uja ndamuthamangitsa ndekha, watsala ndi uyu wa wailesiyu.

Koma nsanje sinathe, ndisadzinamize. Zoti ndi chibwenzi ndasiya kuganiza. Chikundiwawa n'choti pamene ankavutika pa chitunda, amene anali ndi mphamvu zowathandiza ndi mkazi wina, ine ndili kuseri kwa mwala.

Loweruka, 24 Meyi

M'mamawa ndamva mabelu a njinga kumpanda. Gulu lonse laima panja, akuimba mabelu, osalowa. Akundiopa, kapena. A Harold ali pampando, ati, "Auzeni ndadwala."

Sindinawauze. Ndalowa m'chipinda cha makala, kutsitsa njinga, kuipukuta ndi chitenje changa. Pampu sindinaigwirepo chibadwire, mpweya umangothawira pambali, fyii, fyii, ine thukuta. Kenako ndaona mapazi pakhomo. Shakila. Wagwada, wakonza kapaipi pa tayala, n'kunena, "Popani tsopano, mayi." Ndapopa matayala onse awiri ndekha, iye atangogwirizira.

Ndaikankha mpaka pabalaza, kuiimika patsogolo pa wailesi. "Bambo a Stacey, anzanu akudikira. Mukafike omaliza, ndilibe nazo kanthu, koma pano musandikhalire."

Ayang'ana njinga, ayang'ana ine. Kenako apita kukavala kakabudula kawo kaja.

Ali kuchipinda, Shakila wati, "Mayi, kushopu ndili ndi njinga ina yaifupi, yopanda mtanda. Pabwalo la sukulu yanu ndi posalala, masiku ochepa mukhoza kuyamba kuyenda nokha." Ndamuuza kuti sindinamupemphe. Wangoti chabwino, n'kutembenuka kuti azipita.

Anali atafika kale pageti pamene ndinamuitana. Ndamuuza abwere nayo mawa tikaweruka kutchalitchi, ana a sukulu kulibe. Sindinamumwetulire.